Mbendera Yofiira ya Bambo

Chaka chatha, pochokera ku Cuamba, ndinatsika ku Lúrio kukaona nyumba ya njanji imene ndinakuliramo. Ndinkadziwa kuti achimwene anaisandutsa pensau, nyumba yogona alendo, koma kulandiridwa ndi mayi osawadziwa pakhonde lathu lomwe kunandidzidzimutsa.

"Fikani, bambo. Mukufuna chipinda choyang'ana kunjanji kapena kumunda?" anafunsa uku akupukuta tebulo.

Maso anga anali pa chiguduli chimene chinali m'manja mwawo, chofiira chofwifwa, pangodya pali chigamba chimene amayi anga anasoka ndi ulusi wakuda.

Inali mbendera ya malemu bambo anga, amene ankayang'anira njanji. Akaikweza, sitima yodzaza thonje inkaima nji! Anafe sitinkaloledwa ngakhale kuikhudza. Tsiku lina ndinakulungamo mango, khutu langali likukumbukabe mpaka lero.

"Mayi, nsaluyo mwaitenga kuti?"

"Iyi? Inali m'bokosi kuseriku. Imamwa bwino mafuta."

Mafuta! Ndinangoti khwa pampando wa alendo. Mayiwo anaifinya ine ndikuona, madzi akuda ali chuchuchu. Nsalu imene inkaimitsa sitima, ine mwana wa mwini wake n'kulephera kuimitsa dzanja limodzi lokha.