Mutu wa Ndapile Si wa Mayi Ake

Tsiku limene Ndapile anayamba kulongedza zovala za mwana wake Hope, anali atagonja. Abale anga, mayi satumiza mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi ku Malawi chifukwa chomuda, ayi. Ankaopa.

Ndapile ankasamalira okalamba ku Easterhouse, mumzinda wa Glasgow ku Scotland, mpaka matenda a maganizo anamugwetsa. Madokotala anati ndi bipolar: mwezi uno kusagona ndi kulankhula ngati wailesi, mwezi winawo kulephera ngakhale kudzuka. Mayi ake anadwala chomwecho ku Lunzu, ndipo iye anakula akuwasaka m'misika. Sanafune kuti Hope adzakule choncho.

Mankhwala oyamba anakanika, achiwirinso chimodzimodzi. Kutchalitchi kunali Mayi Loyce, a matenda omwewo, koma athanzi, oimba kwaya mpaka thukuta. Mwa chifundo chathu chija chogawana mapiritsi ngati a malungo, anamupatsako awo. Zinathera kuchipatala, akusanza, manja akunjenjemera. Ndapile anangoti basi, ngati mankhwala othandiza anzake amukana, ndiye kuti watengera mayi ake.

Anawauza zimenezi Dokotala Amidu, Mmalawi mnzake. Iwo anayamba amukalipira kaye za mapiritsi obwerekawo, kenako anatembenuza kompyuta. Anamuonetsa zithunzi za ubongo za pa kafukufuku wina, onse anthu a matenda ngati akewo. Wina kusiyana kwake ndi anthu osadwala kunali kutsogolo, wina cham'mbali, ena osaoneka kusiyana n'komwe.

"Dzina la matenda ndi limodzi, koma ubongo aliyense ali ndi wake," anatero dokotala. "Wanu si wa Mayi Loyce. Si wa mayi anunso."

Ndapile analira, poti palibe anamuuzapo zimenezo.

Dokotala sanamunamize. Anati chithunzi sichisankha mankhwala, ayesabe mpaka apeze omuyana. Ndapile anauza mchemwali wake wa ku Malawi, amene ankayembekezera kulandira Hope, kuti adikire kaye.

Mankhwala achitatu anamugonetsa ngati chipika. Achinayi ankafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, ndipo ankapita, pabasi, m'mvula ya ku Glasgow yosadziwa kukata ija. Ankalemba m'kope maola amene wagona. Masiku oipa analipo ndithu, ndipo Mayi Loyce, ndi manyazi awowo, ndi amene ankaperekeza Hope kusukulu. Inapita miyezi isanu ndi inayi.

Matenda sanathe, koma anagwirika. Ndapile anabwerera kuntchito, poyamba masiku awiri pa sabata. Mchemwali uja atayimba foni kufunsa kuti mwana afika liti, poti malo kusukulu anali atapezeka, Ndapile anayankha mosachita chibwibwi.

"Sabwera, achemwali. Mayi ake alipo."

Inu amene mukudwala maganizo, musadziyeze ndi mnzanu amene anachira msanga, kapena ndi m'bale amene matenda anamugonjetsa. Mapiritsi a eni asiyeni. Bwererani kwa dokotala, kachitatu, kachinayi, ndipo osataya mtima.