Dokotala Amene Tinamusambitsa

Manasseh Njobvu atabwerera kwawo ku Wusakile, komboni ya mu Kitwe, anthu ena ankati mutu wake sukugwira. Munthu waphunzira za khansa zaka khumi ndi ziwiri ku Joni, ku Lusaka akumulimbirana, iye n'kusankha kudzapumanso utsi wa kumgodi! Koma iye anali ndi chifukwa. Mayi ake anamwalira ndi khansa iye ali giredi faifi, ndipo anamulera ndi mayi ake aang'ono, Amai Jenala, amene ankagulitsa kapenta pamsika kuti mwanayo asasiye sukulu.

Mkati mwa sabata ankagwira ntchito pachipatala mu Kitwe. Loweruka ankapachika nsalu pakona ya holo ya tchalitchi cha Reformed n'kumapima amayi mabere kwaulere. Amai Jenala, monga mkulu wa chigwirizano, ndiwo ankasonkhanitsa anthu, ndipo pakamwa pawo sipankalowa ntchentche. Ankakokera atsikana a ku Ndeke kunsaluko ngati mbuzi, uku akuwanyoza kuti amaopa dzanja la dokotala pomwe la amuna awo saliopa. Holo inkadzaza. Manasseh ankanyada, ndipo tinene zoona, kunyadako kunamutseka maso kwa zaka zitatu.

Loweruka lina la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nesi wake Juliet anamukokera pambali.

"Ba dokota, mwawaona amai anu? Kutentha konse uku, chitenje pa phewa. Na kwanja kuja ni kotupa."

Manasseh anayang'ana. Dzanja lamanzere la Amai Jenala linali lotupa mpaka kuzala, ndipo ankalinyamula mobisa pansi pa chitenje. Dzanja lotere analiona kambirimbiri kwa anthu achilendo, ndipo ankadziwa bwino chimene limatanthauza.

Anthu atabalalika anawakhazika pabenchi.

"Amai, chayamba liti?"

"Chinji?"

"Musanibise. Chayamba liti?"

Pamenepo Amai Jenala anaulula kuti anamva chotupa m'bere chaka chomwe Manasseh anabwera. Chitaphulika anayamba kuchimanga ndi nsalu, ndipo mwezi uliwonse ankakwera minibasi kupita ku Kabushi, ku Ndola, kwa bambo wina wogulitsa mizu, kumene palibe ankawadziwa.

Manasseh anagwira pakamwa. Zaka zitatu! Chotupa chikukula mapazi khumi kuchokera pamene iye ankaima ndi magolovesi ake. Anawafunsa mokwiya.

"Imwe amene mukokela anzanu kuno? Nifukwa chani simunabwele kuli ine?"

"Iwe Manase, unamvapo kuti mzimai avulila mwana wake? Ninakusambika ine. Ninakupipa matuvi. Manje nikuonetse bele? Ni malaulo. Masukulu yako sanakuuze?"

Masukulu sanamuuze, ndipo iye sanafunse. Safunsa anadya phula. Anabwera kwawo poganiza kuti anthu adzamukhulupirira chifukwa ndi mwana wawo, osadziwa kuti umwana womwewo ndiwo unali mpanda. Anayesa kukumbukira nkhope za amene anadutsa kuseri kwa nsalu ija: atsikana, akazi a anyamata a pamgodi, Abemba ongosamukira kumene. Mwa amayi amene anamuona akukula munalibe ndi mmodzi yemwe. Anachita manyazi aakulu.

Lolemba anaimbira foni Dokotala Kate Mwamba wa ku Ndola, mayi amene analibe wachibale aliyense ku Wusakile. Amai Jenala anavomera mosavuta, mpaka anadzola mafuta ndi kuvala duku latsopano. Zithunzi zitatuluka, Kate anangomupatsa Manasseh kuti aone yekha. Matendawo anali atafika kale m'mapapo ndi m'mafupa a msana.

Manasseh anawapeza Amai Jenala pakhonde la chipatala atakhala padzuwa. Iye amene ankauza anthu nkhani zoterezi tsiku ndi tsiku anangogwada patsogolo pawo.

"Nachedwa, si ndiye?" anafunsa Amai Jenala.

"Mwachedwa, amai. Kuwawa tizachepesa. Koma kupola, iyai."

Anagwedeza mutu ngati auzidwa mtengo wa makala. Kenaka anayang'ana chitseko cha ofesi ya Kate.

"Uyu mzimai ali na manja yabwino. Angabwele ku tchalitchi pa Satade?"

"Angabwele. Koma imwe manje mufunika kupumula."

"Sinikamba za ine." Anayamba kupinda zala za dzanja labwino lija. "Amake Wilfred. Amake Jesse. Aja oimba alito, akazi a Nicodemus. Tonse tinakunyamulako kumbuyo. Timamangana nsalu pa vilonda va mabele pa Fraide, tikasiliza mapemphelo."



"Muli angati, amai?"

"Tinali naini," anatero. "Tatsala seveni."