Mawu a telala wa ku Lupembe

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ntchito ya uphunzitsi inandiponya ku Karonga ndi sutikesi imodzi ya zovala ndi makatoni awiri a mabuku. Zaka zinayi zoyamba ndinkawerenga ndekha. Nditatopa ndi kuseka ndekha m'nyumba ngati wamisala, ndinatsegula gulu la pafoni la anthu okonda kuwerenga. Tinkawerenga buku limodzi pamwezi, ndipo tinkakumana pafoni pomwepo Lamulungu lomaliza la mwezi, nthawi ya 3 koloko masana, anthu atabwera kutchalitchi ndi kudya.

Kawerengedwe kathu kanali kakekake. Buku lililonse tinkapeza makope atatu, ndipo ndisanawatumize ndinkamanga mutu womaliza ndi sitepula. Makopewo ankayenda ndi makondakitala a minibasi, lina kupita ku Songwe, lina kutsika ku Mwenilondo ndi ku Lupembe, lina kuzungulira paboma. Munthu akafika pa sitepula ankaima, n'kulemba yekha mmene nkhaniyo iyenera kuthera. Tsiku lokumana aliyense ankatumiza mathero ake, olemba kapena olankhula. Tikamaliza kutsutsana ndinkati, “Zulani,” ndipo wosunga buku ankazula sitepula n'kutiwerengera mathero enieni. Nthawi zambiri tinkapeza kuti wolemba bukuyo tinamuposa.

Malamulo analipo awiri okha. Loyamba, zotsatsa malonda ayi. Lachiwiri, wosatumiza mathero miyezi iwiri yotsatizana atuluke. Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo lamulo ndikaliika sindilibweza. Ndinali nditatulutsa kale anthu awiri, mmodzi mwa iwo wachiwiri kwa ahedi a pasukulu pathu, amene anakhala temu yonse osandipatsa moni.

Mwa onse, amene ankatikometsera gulu anali mayi wina, telala wa ku Lupembe. Sukulu analekezera Fomu 2, koma mutu wake unali wina. Sankalemba, ankalankhula, ndipo kumbuyo kwa mawu ake kunkamveka makina osokera akupuma n'kuyambanso. Ife tonse tinkakonda kuyanjanitsa anthu kumapeto kwa nkhani. Iye ayi. Munthu amene tonse tamukonda iye ankamumiza mumtsinje, ndipo ankafotokoza bwinobwino chifukwa chake mpaka tonse kuvomera kuti analidi woyenera kumira. Ndinali ndisanamuonepo maso ndi maso, koma Lamulungu lililonse lomaliza ndinkadikira mawu ake kuposa a wina aliyense.

Tsiku lina kusukulu kwathu kunabwera abambo ena achikulire, aphunzitsi opuma pantchito, kudzaona mdzukulu wawo. Anandipeza mu ofesi ndikumanga buku ndi sitepula ndipo anandifunsa chimene bukulo linalakwa. Nditawafotokozera anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati akazi awo anamwalira chaka chathacho, ndipo m'nyumba mwawo mwatsala iwo ndi mabuku basi. Nditamva kuti amakhala ku Lupembe ndinakondwa, poti kope la kumeneko likhala ndi owerenga awiri. Ndinatenga nambala yawo, ndipo Lamulungu lokumana, kutatsala pang'ono kuti tiyambe, ndinawalowetsa m'gulu. Sindinafunse munthu aliyense. Gulu linali langa, ndiye ndikanafunsa yani?

Buku la mwezi umenewo linali la dalaivala wa lole amene anali ndi mabanja awiri. Telala uja anatumiza mawu ake woyamba, monga mwa chizolowezi. Mathero ake anali oti akazi awiriwo anakumana kuchipatala, anagwirizana, anagulitsa lole mwamuna ali chigonere, n'kugawana ndalama. Tinaseka tonse. Kenako aphunzitsi achikulire aja anatumiza mawu awo oyamba. Anapereka moni mwaulemu, anatchula kumene amakhala, ndipo anati, “Mayi amene wagulitsa loleyu ndi ndani? Ine ndaphunzitsa zaka zambiri, koma mutu ngati umenewu sindinauonepo kawirikawiri. Mayi, pitirizani.”

Telala sanayankhe. Tsiku limenelo sanalankhulenso, ngakhale titazula sitepula.

Mwezi wotsatira sanatumize kanthu. Foni inkaonetsa kuti uthenga uliwonse akuwerenga, koma iye chete. Ndinamulembera kumbali, ndipo anangoti watanganidwa ndi mayunifolomu a ana asukulu. Sindinakhulupirire. Mayi amene ankapha anthu m'nkhani phazi lili pa makina sakanalephera chifukwa cha mayunifolomu. Aphunzitsi aja nawo anafunsa m'gulu kuti mayi wa lole uja ali kuti, koma palibe amene anawayankha. Ndinaona kuti anthu akhala chete modabwitsa, koma ndinangoti ndi netiweki.

Mwezi wachiwiri uli pakati, mtima wanga unayamba kuwira. Ndinkadziwa kuti akapanda kutumiza Lamulungu lomaliza la mweziwo ndiyenera kumutulutsa, chifukwa wachiwiri kwa ahedi ndinamutulutsa pa mlandu womwewo. Ndipo sindinkafuna. Ndiye ndinachita chimene aphunzitsi timachita mwana akamajomba: ndinamuitana pagulu. Ndinalemba kuti lamulo ndi lamulo, ndipo mayi wathu wa ku Lupembe watsala ndi mwayi umodzi. Kenako ndinawonjezera, ndikudziona wanzeru, kuti, “Aphunzitsi, mayi amene mumamufunsa uja ali kwanu komweko, ndi telala wa pafupi ndi chigayo. Mukamaliza bukulo mukampatse pamanja, ndipo mukamuuze kuti tikumudikira.”

Gulu lonse linangoti zii. Ngakhale namwino wa ku Mwenilondo, amene ankayankha uthenga uliwonse ndi tizithunzi toseka, sanatumize kanthu.

Pasanathe mphindi khumi foni inalira. Anali bambo wina wa m'gulu lathu, wa ku Songwe, amene ntchito yake ndi kuthandiza amalonda kuombola katundu pachipata cha m'malire. Kumbuyo kwake kunkamveka malole.

“Amadamu, muli ndi zaka zingati kuno?” anandifunsa.

“Zisanu ndi chimodzi. Bwanji?”

“Pole sana, pepani kwambiri. Zaka zonsezo palibe wakuuzani? Aphunzitsi aja ndi apongozi ake a mayi uja. Mwamuna wake ndi mwana wawo woyamba.”

“Ndiye vuto n'chiyani? Si bwino kuti akudziwana?”

“Yayi, amadamu. Kuno mkazi amaopa apongozi ake aamuna. Sawalankhula, sawayang'ana kumaso, dzina lawo satchula. Akakumana nawo panjira amapatuka. Mabanja ambiri anasiya, koma banja limenelo silinasiye. Inuyo mwawatuma kukampatsa buku pamanja.”

Ndinamufunsa chifukwa chake sananditsine khutu miyezi iwiri yonseyo. Anati aliyense ankaganiza kuti wina wandiuza kale, komanso nkhani ya apongozi a eni siikambidwa pagulu. Ndinapsa mtima, koma wopsera mtima panalibe kupatula ine ndemwe. Safunsa anadya phula. Kwathu apongozi timawalemekeza, koma timalankhula nawo, ndipo ine ndinangoyesa kuti dziko lonse ndi Ntcheu.

Loweruka, kutatsala tsiku limodzi kuti tikumane, ndinakwera minibasi kupita ku Lupembe. Shopu ya telala ndinaipeza mosavuta, kachipinda kamodzi ka malata, madiresi atapachikidwa pachingwe. Anali wamng'ono thupi kuposa mmene mawu ake ankamvekera. Anandidziwa ndisanadzitchule, anandipatsa mpando, n'kupitiriza kusoka.

Ndinapepesa. Iye anati palibe mlandu, mlendo salakwa. Mawu amenewo anandipweteka kuposa kundikalipira, chifukwa ndinali nditaiwala kuti ndine mlendo.

“Musaganize kuti timadana,” anatero. “Ndi munthu wabwino. Makina awa anagula ndi iwo, anapatsira mwana wawo kuti andipatse. Chakudya chawo ndimaphika ndine, amakapereka ndi ana. Zaka khumi ndi chimodzi tsopano. Koma mawu anga alowe m'khutu mwawo ndikunena za mwamuna wa akazi awiri? Tsiku lija nditamva moni wawo ndinafuna kulowa pansi.”

“Iwo sanakuzindikireni?”

“Akanandizindikira bwanji? Mawu anga anawamva kuti?”

Anatsegula kabati ya makina n'kutulutsa kope la ana asukulu. Munali mathero a buku la mwezi umene sanatumize uja, olembedwa ndi pensulo, masamba odzaza mpaka m'mphepete. Ndinamuuza kuti ndingawatumize ine popanda dzina lake. Anaseka koyamba.

“Amadamu, m'gulu lija amene amapha anthu ndi angati?”

Kenako ananena chimene ndinkaopa. Anati ndimutulutse iyeyo monga mwa lamulo, koma apongozi ake ndiwasiye. Anati iye ali ndi makina, ana ndi makasitomala, koma akuluwo chimwalirire akazi awo amangokhala pakhonde, ndipo ana amati masiku ano amawapeza akuseka ndi buku. Ndinamufunsa ngati iyeyo sizimupweteka. Anayang'ana nsalu imene ankasoka n'kunena kuti zimupweteka kwambiri, chifukwa m'moyo wake wonse ndi m'gulu lokhalo mmene anthu amadikira kuti amve chimene iye akuganiza.

Nyumba ya aphunzitsi inali pafupi, kungodutsa nyumba zitatu. Ndinawapeza pakhonde, buku lathu lili pamwendo, sitepula isanazulidwe. Anandilandira ndi madzi akumwa. Nditayamba kupepesa anakweza dzanja.

“Mwana wanga, inu simunadziwe, ine sindinadziwe. Nambala yake ndilibe, ndiye ndinkangoona manambala. Nditawerenga uthenga wanu uja ndi pamene ndinazindikira kuti mayi wa lole ndi mkamwana wanga.” Anaika buku pambali. “Ndinamuyamikira pagulu. Ndinamuuza kuti apitirize. Ndiye ndinamutseka pakamwa ndine.”

Ndinawauza zimene mkamwana wawo ananena, kuti atuluke iyeyo. Anapukusa mutu.

“Ine ndawerenga mabuku mpaka maso kutha. Iye akuyamba kumene. Ndituluka ine.”

Mtima wanga wapachala unabweranso. Ndinawafunsa ngati sangangouza banja lonse kuti mwambowu watha, poti iwo ndiwo mkulu. Anandiyang'ana mmene ndimayang'anira mwana wa Fomu 1 amene wayankha mofulumira. Anati iwo akhoza kunena, koma mkamwana wawo ali ndi amayi ake, azakhali ake ndi anzake a pamjigo, ndipo amene angatchedwe wopanda ulemu ndi iyeyo, osati iwo. Anati mwina adzukulu awo adzakhala mwanjira ina, koma si nkhani yothetsa Loweruka limodzi chifukwa cha buku.

Anatulutsa foni m'thumba la malaya n'kundipatsa kuti ndiwaonetse potulukira. Ndisanakhudze, anagwira dzanja langa.

“Ndifunse kaye. Ndikatuluka, mawu aja afufutika?”

“Mawu ati, bambo?”

“A lole aja.” Anayang'ana kumbali. “Sindimvetsera kawirikawiri. Koma zaka zonsezi ndimadya chakudya chake, ndipo sindinkadziwa kuti pamudzi panga pali munthu woseketsa chonchi.”

Ndinawauza kuti sadzafufutika, akhalabe mufoni malinga asachotse okha. Anati, “Ndagha,” kutanthauza zikomo. Ndinawalozera pokanikiza, ndipo anakanikiza okha. Buku anandipatsa kuti ndikasiye kushopu, poti iwo sangathe kukapereka, ndipo ndinakalisiyadi.

Pobwerera m'minibasi ndinali wokwiya komanso wachisoni, ndipo sindinkadziwa woti ndimukwiyire. Ndinataya wowerenga wabwino chifukwa cha kusafunsa kwanga. Kuyambira tsiku limenelo sindilowetsa munthu m'gulu ndisanatumize dzina ndi mudzi wake kwa bambo wa ku Songwe uja, amene amadziwa ubale wa boma lonse ngati kuti anaulemba yekha. Aphunzitsi ndimawatumizirabe buku mwezi uliwonse, koma pomaliza, sitepula itazulidwa kale.

Lamulungu lija ndinakhala pampando isanakwane 3 koloko, foni ili m'manja. Pamwamba pa mauthenga panali kamzere kakang'ono konena kuti nambala ina yatuluka. Palibe amene anafunsa. Namwino wa ku Mwenilondo anatumiza mathero ake, bambo wa ku Songwe ake, enanso awo. Ine ndinkangoyang'ana nthawi, ndikudziwa kuti ikakwana 4 koloko, nthawi yozula sitepula, lamulo langa lomwe lindikakamiza kuchita chimene sindikufuna.

Kutatsala mphindi zochepa, uthenga wa mawu unalowa. Ndinamva kaye makina akuima, kenako iye akukonza kukhosi. Sanapereke moni ndipo sanapepese. Anangoyamba nkhani pamene sitepula inaimitsira, ndipo pofika mphindi yachitatu m'busa wa m'bukumo amene tonse tinkamukhulupirira anali atathawa ndi njinga ya mpingo.

Tinamvetsera anthu khumi, kuchokera ku Songwe mpaka ku Mwenilondo. Amene anamuuza kuti apitirize anali pakhonde pawo, nyumba zitatu kuchokera pamene iye ankalankhulira, ndipo sanamve.