Chingwe Choyezera Phazi la Timba

Achangu ankadziwa anthu poyang'ana mapazi awo. Kwawo ankagulitsa nsapato za kaunjika pakhomo lolowera mumsika, atakhala pa kampando kafupi, ndipo munthu akamabwera chimene chinkayamba kufika m'maso mwawo ndi phazi, nkhope inkabwera pambuyo. Wogula asanatsegule n'komwe pakamwa, iwo ankakhala atasolola kale nsapato zomukwana. Ena ankatsutsa kuti zimenezo ndi zazing'ono, koma akayesa ankangoseka n'kupisa dzanja m'thumba. Dzina loti Achangu linachokera pamenepo, komanso pa kayendedwe kawo, poti mayiyu ankayenda ngati wasiya mkaka pamoto.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana wa timiyendo toonda amene aliyense ankamutcha Timba. Bambo wa mwanayo anachoka kalekale, ndipo nkhani yake tisataye nayo nthawi.

Malonda atayamba kuvuta, ogulitsa atachuluka kuposa ogula, mnzawo wina amene anatsogola kunja anawapezera ntchito yochapa pa hotelo ina yaikulu. Mwana sakanatha kupita naye nthawi yomweyo. Anagwirizana ndi achemwali awo aakulu kuti Timba atsale m'manja mwawo mpaka zinthu zitalongosoka, ndipo onse ankaganiza kuti ndi nkhani ya chaka chimodzi. Achemwaliwo anali ndi ana awo kale, koma sanawiringule ngakhale pang'ono.

Tsiku loti mawa anyamuka, Achangu anamuimika Timba pasimenti wopanda nsapato. Anali atamva kuti nambala za nsapato za kunja sizifanana ndi zimene anazolowera, ndiye sanafune kudalira nambala. Anasolola chingwe cha nsapato yakale, nachiyala kuchokera ku chidendene mpaka ku chala chachikulu, n'kumanga mfundo pamenepo. Timba, amene anali atangoyamba sukulu, ankaseka kuti akumugirigisha. Chingwecho anachiika m'kachikwama ka pasipoti.

Kunjako anafika nyengo yozizira, ndipo anaphunzira msanga kuti walira mvula walira matope. Chipinda chimene anapeza chinali pamwamba penipeni pa nyumba yosanja yopanda chikepe, masitepe ake opapatiza onunkha utoto. Munali bedi, tebulo, mipando iwiri yosafanana ndi chitsulo chotenthetsa m'nyumba chimene chinkalira chisanayambe kufunda. Ntchito yawo inali pansi pa hoteloyo, kopanda windo, komwe makina akuluakulu ankazungulira tsiku lonse. Iwo ankaima kumapeto kwa makina ositira, kulandira nsalu za pabedi zotentha n'kumazipinda ndi mayi wina wochokera dziko lina. Chilankhulo sankamvana, koma manja awo anamvana pasanathe sabata.

M'sitima anthu sankapatsana moni. Poyamba Achangu ankapereka moni kwa aliyense wokhala naye pafupi, mpaka anaona kuti akuwaopseza anthu. Anasiya, n'kubwerera ku ntchito yawo yakale yowerenga mapazi. Ankadziwa amene amagwira ntchito choimirira, amene wagula nsapato chifukwa cha maso a anthu, ndi amene wabwereka za mkulu wake. Zimenezi zinkawachotsa kusungulumwa, ndipo pang'onopang'ono mzindawo unasiya kuwaopsa. Anadziwa sitolo yotchipa, anadziwa basi imene imachedwa, anapeza anzawo opemphera nawo, ndipo mayi wopinda naye nsalu uja anayamba kuwagawira tiyi wa m'fulasiki mwake.

Malipiro oyamba anagulira Timba nsapato za kusukulu. Anaimirira m'sitolomo, kulowetsa chingwe m'nsapato iliyonse, wogulitsa akuwayang'ana modabwa. Katunduyo atafika, achemwali anatumiza chithunzi ndi mawu oti zakwana ngati anabadwa nazo.

Chaka chimodzi chija chinabala zaka. Mapepala a mwana ankabwezedwa, kenako ankati dikirani, kenako ankafuna china. Chaka chilichonse Achangu ankatulutsa chingwe chija, kuyeza chala chimodzi chopingasa kupitirira mfundo yakale, n'kumanga ina. Umu ndi mmene phazi la mwana limakulira, iwo ankatero, ndipo ndani akanawatsutsa munthu amene anaveka nsapato msika wonse? Ankagula za kusukulu, za kutchalitchi, zothamangira, nthawi zina pogwira ntchito maola oonjezera mpaka miyendo kutupa. Yankho la achemwali linali lomwe lija nthawi zonse, ndipo chithunzi sichinkalephera: Timba atakhala pampando, manja pamaondo, nsapato zatsopano zikuwala. Kuti mwanayo sankajambulidwa ataimirira, Achangu sanaganizirepo.

Ankaimbirana Lamlungu lililonse masana. Koma foni imaonetsa nkhope, siionetsa mapazi. Nkhopeyo inkatalika, mano anagweluka n'kumera ena, ndipo mawu a Timba ankachepa chaka ndi chaka. Ankayankha kuti ali bwino, sukulu ili bwino, zikomo chifukwa cha nsapato. Tsiku lina Achangu anamva mwana wamng'ono wa achemwali akukuwa chapatali kuti Timba abwere, amayi a m'foni akumufuna. Anaseka nawo, koma foni itadulidwa anakhala pabedi nthawi yaitali, jekete ili m'thupi. Chimene ankaopa chinali chimodzi: kuti tsiku lodzakumana, adzalandira mlendo waulemu m'malo mwa mwana wawo.

Mapepala aja potsiriza anatheka. Achangu anasamukira m'nyumba ya zipinda ziwiri pa nsanjika yomweyo, anagula bedi lachiwiri, ndipo poti inalinso nyengo yozizira anagula majombo abwino a ubweya mkati, oyezedwa pa mfundo yomaliza. Anawaika pafupi ndi bedi la mwana, zala zitaloza kukhomo.

Ku bwalo la ndege, munthu amene moyo wake wonse ankayamba ndi mapazi anayang'ana nkhope yokha. Timba anatuluka ali mtsikana wamtali, wofika nawo m'khutu, akukoka sutikesi. Anapinda maondo pang'ono popereka moni, ndipo atamukumbatira anaima chilili ngati akumuyeza diresi. Mapazi anawaona ali kale m'basi: nsapato zachimuna zakutha, zikuluzikulu. Anafunsa, ndipo mtsikanayo anati ndi za achimwene ake, mwana wamkulu wa achemwali. Achangu anapsa mtima chamumtima kuti munthu angatumize bwanji mwana pa ndege ndi nsapato zobwereka, chikhalirecho nsapato anatumiza zodzaza thumba. Atangofika kunyumba anazimanga m'pepala n'kukaziponya m'bini ya panja.

Masiku oyamba sanaonane mokwanira. Achangu ankachoka m'mawa mwana akadali m'tulo, ndipo pobwera ankamupeza pampando pafupi ndi chitsulo chotenthetsa m'nyumba, atadzikulunga bulangeti mpaka pansi. Mbale zinkakhala zotsukidwa, pansi pokolopedwa. Akamufunsa ngati chakudya chakoma, chakoma. Ngati bedi lili bwino, lili bwino. Ngati majombo akwana, akwana, zikomo. Sankawaitana amayi, sankawaitananso dzina lina, ankangoyamba ndi "inu" kapena kudikira kuti amuyang'ane. Ulemu wake unali wosatheka kuudandaula, ndipo ndi umene unkawapweteka kwambiri. Mwana wako amakhala ndi chodandaula, amati mchere wachuluka, amati sindifuna. Uyu ankapempha chilolezo chotsegula firiji.

Tsiku limene sanapite ku ntchito anamutenga kuti akamulembetse sukulu. Anakwera basi, anatsika, ndipo panali kamtunda koyenda pansi, mumsewu moterera ndi chisanu. Achangu anayenda monga amayendera. Akatembenuka ankapeza Timba ali kumbuyo, akuponda pang'onopang'ono, maso pansi. Anamudikira kawiri. Kachitatu anamuuza kuti kuno anthu sayenda ngati akuperekeza mkwatibwi, ndipo mtsikanayo anapepesa n'kufulumira pang'ono. Kusukulu anawatumiza ku ofesi ina ya kutsidya kwa mlatho, ndipo kumeneko anaima pamzere. Pobwerera anaphonya basi chifukwa Timba sanathamange.

Apo mtima wa Achangu unasefukira. Anamuuza, anthu akudutsa, kuti ngati sakufuna kuyenda nawo limodzi anene, ngati akufuna kubwerera kwa amayi aakulu amene akuwaona ngati amayi ake enieniwo anenenso, asamangokoka miyendo ngati wakakamizidwa. Timba anayenda ulendo wonse wotsalawo pambali pawo, osatsalira ngakhale phazi limodzi, milomo ataluma.

Masitepe ndi amene anamugonjetsa. Atakwera nsanjika ziwiri anakhala pansi, nagwira jombo lakumanzere ndi manja onse, kulikoka, koma silinatuluke. Achangu anatsika, akadali ndi mkwiyo wawo, nagwada kuti amuthandize. Dzanja lawo litangogwira kutsogolo kwa jombolo linadziwa zonse mutu usanadziwe. Zala zinali zopindika mkatimo, zothinana mpaka kutukumula chikopa. Anamasula zipi, anakoka pang'onopang'ono, ndipo sokosi inatuluka itamatirira ku chidendene ndi magazi.

"Iwe, bwanji sunanene?"

"Amayi aakulu anati nsapato zochokera kwa inu sitinena kuti zachepa," anatero Timba, akuyang'ana khoma. "Amati mumagula ndi tulo tanu."

"Zachepa kuyambira liti?"

"Zoyamba zija zinakwana."

Zotsalazo, anafotokoza, ankazivala pojambulitsa basi, atakhala pansi, kenako zinkapita kwa ang'ono ake a m'nyumbamo. Iye ankavala zimene achimwene ake asiya. Nsapato zimene Achangu anataya m'bini zija sizinali zobwereka. Zinali zokhazo zomukwana.

Achangu anamuvula jombo linalo, namukweza masitepe otsalawo atamukoleka dzanja paphewa, majombo ali m'khwapa. M'nyumba anatenthetsa madzi, anathira mchere m'beseni, namuviika mapazi. Ankafuna kuwaimbira achemwali nthawi yomweyo kuti awauze mawu, foni anaigwira ndithu, koma anaibweza patebulo. Akanawauza chiyani munthu amene analera mwana wawo zaka zonsezi, n'kumanama pofuna kuti mng'ono wake asalire kudziko la eni? Ndipo iwo eni, katswiri wa mapazi, anafunsapo liti kuti amuyezenso mwanayo? Ankakonda yankho lija, n'chifukwa chake sanalifufuze.

Anakatenga chingwe chija m'kachikwama ka pasipoti. Anapukuta phazi limodzi ndi thaulo, naliika pa bondo lawo, n'kuyala chingwe kuchokera ku chidendene. Mfundo yoyamba inathera pakati pa phazi. Yomaliza, imene ankainyadira, sinafike n'komwe kumapeto kwa zala. Anavula silipasi yawo n'kuika phazi lawo pambali pa la mwanayo, ndipo anali ofanana, mpaka chala chachiwiri chotalika kuposa chachikulu. Misozi inawatuluka, ndipo sanaibise. Timba anawayang'ana kwa nthawi yoyamba osathawitsa maso.

Zilonda zitapola anapita ku sitolo, Timba atavala nsapato za amayi ake za kuntchito, iwo atavala za kutchalitchi. Wogulitsa anabwera ndi chitsulo chake choyezera, koma Achangu anamuuza mwaulemu, m'chilankhulo chawo chothyokathyoka chija, kuti apume kaye. Anamukhazika mwanayo pabenchi, anagwada pansi monga ankachitira kumsika, namuveka nsapato zoyamba. Timba anati zakwana, zikomo. Achangu anamuvula nsapatozo. Anamuveka zachiwiri, ndipo anatinso zakwana. Anamuuza kuti sitolo imatseka madzulo, iwo alibe kopita, ndipo sachoka pamenepo mpaka amve zoona.

Zachitatu zinali zabulauni, zolimba, zoti zikhoza kutha zaka. Achangu anazikonda. Anamanga zingwe, anadina chala chawo kutsogolo, namuuza kuti ayende aone. Timba anayenda mpaka pagalasi, anaima pamenepo nthawi ndithu, nabwerera akukwinya nkhope.

"Amayi, yakumanjayi ikundithina apa. Komanso mtundu wake ndi wa azigogo, ine sindingapite nazo kusukulu."

Achangu anaweramira pa zingwezo kuti mwanayo asaone nkhope yawo. Anamuuza kuti ali ndi matama ngati bambo ake, ndipo anakodola wogulitsa uja kuti abweretse zina.