Ndinapita kukadya nkhuku ku Matero, ananditsukitsa mbale

Loweruka lapitali ndinapita kukadya pamalo aja otchuka a ku Matero, ndipo m'malo mondipatsa chakudya ananditsukitsa mbale. Dzina sinditchula. Inu amene mumawatamanda pafoni pano mukuwadziwa, aja a kuseri kwa msika, a matebulo pansi pa mitengo ya mango. Si inu mumati nyengo yotentha ino munthu asaphonye nkhuku yawo yakumudzi ndi chakumwa chija chozizira cha munkoyo?

Ine sindine wolankhulalankhula. Ndimakhala ku komboni ya George, chipinda chimodzi, ndi mwana wanga Mapalo wa miyezi isanu ndi iwiri. Bambo ake amayendetsa thiraki, ino ndi sabata yachisanu ali pamzere kuboda. Abale anga ali kutali. Tsiku lililonse ndimadya nditayang'ana khoma. Ndinangofuna kudya pakati pa anthu, kamodzi kokha.

Ndinafika 12:40, mwana kumsana, K90 nditamanga pansonga ya chitenje. Ndinakhala patebulo la pamthunzi. Pamalopo sakufunsa ndiwo asanakusambitse m'manja, pali mtsikana amene amazungulira ndi jagi ndi beseni. Anandidutsa. Anakasambitsa azibambo atatu amene anandipeza nditakhala kale. Pobwerera anandidutsanso.

Itakwana 13:05 ndinakweza dzanja pang'ono.

"Ba sisi, mulindila bamuna banu?" anafunsa mtsikanayo.

Ndinati ayi, ndili ndekha.

"Mwekha? Aa. Nibwela."

Sanabwere. Kodi manja a mkazi wopanda womuperekeza sasambika?

13:25 panaima galimoto, munatuluka banja la anthu asanu. Mtsikana uja anandikumbukira pomwepo. Akuti, "Ba sisi, iyi tebulo ni ya banja. Nkalani pa benchi paja." Benchiyo ili pakhomo la khitchini, padzuwa, pafupi ndi mbaula. Ndinanyamuka. Ndinanenanso kuti zikomo, tangoganizani. Mapalo anayamba kulira, thukuta lili kamukamu m'khosi.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti pabenchi imeneyo ndi pamene amadikirira amayi ofuna ganyu.

13:50 kunatuluka mayi wamkulu wovala epuloni, woyang'anira khitchini. Sanandipatse moni. "Iwe wa mwana, ima. Mambale yapaka kumbuyo, yenda ukasuke. Koma asalile maningi uyo, bantu bakudya."

Mundifunsa kuti bwanji sindinakane. Nanenso ndakhala ndikudzifunsa. Anthu onse anali atandiyang'ana. Ndinangomutsatira.

Kuseriko kunali amayi awiri atawerama pamabeseni akuluakulu. Mmodzi, amene ankamuitana kuti amake Bwalya, anandigadabuzira ndowa kuti ndikhalepo, n'kumugwira Mapalo tsaya. "Iwe ka bwana, ulila chani? Uyu mutu ni wa batate bako, usakane!" Tinaseka, mwana n'kutonthola. Anandifunsa kumene ndimakhala, ngati mwana wayamba phala, ngati amagona bwino kutentha kuno. Ine ndikuyankha, manja ali m'madzi. Ndinatsuka mbale khumi ndi zinayi, ndikuchotsa mafupa a nkhuku imene anadya anthu ena.

14:20 Mapalo anakoka chitenje, mfundo inamasuka, ndalama zinagwa pansi. Amake Bwalya anatola. "Nanga izi, mwana wanga?"

"Ndinabwera kudzadya," ndinatero.

Amake Bwalya anapukuta manja n'kukaitana mayi wa epuloni uja. Mukuganiza kuti anapepesa? Akuti, "Nanga sunakambe chifukwa chani? Ulibe kamwa? Nkuku yasila, kwasala kabichi." Kenako anatulutsa K10, akuti ya mbale zimene ndatsuka. Ndinaisiya m'manja mwake. Ndinabereka mwana wanga n'kutulukira khomo la kuseri, chifukwa sindikanatha kudutsanso pakati pa matebulo aja. Ndinalirira m'basi, nditayang'ana pawindo.

Tsopano eni malowa, ndiyankheni. Kasitomala mumamudziwira pati? Pa makiyi a galimoto? Pa mwamuna amene wamutsogolera? Mkazi wa chitenje ndi mwana kumsana akalowa yekha, ndiye kuti wadzera mabeseni anu? Funso limodzi lokha, loti "mudya chani", likanakutayitsani chiyani?

Koma chimene chikundiwawa kwambiri si njala ija ayi. Chichokereni bambo a Mapalo, palibe munthu wamkulu amene anacheza nane nthawi yaitali ngati mphindi makumi atatu zija pabeseni. Ndinakondwa ndikutsuka mbale zanu, ndipo ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Amayi anzanga, mukapitako nokha musalole kukhala pabenchi. Kakamirani patebulo mpaka akusambitseni m'manja.

Amake Bwalya, ngati alipo angakuwerengereni izi, inu mulibe mlandu. Pepani, ndinachoka osakutsanzikani.