Mayi Wobwera Lachinayi

Chaka changa choyamba ku yunivesite ndinkaphunzira utolankhani, ndipo phunziro limene ndinkalipeputsa kwambiri linali la kulemba nkhani za zovala ndi mafashoni. Ndinkaliona ngati macheza chabe. Nthawi imeneyo ndinkakhala ndi makolo anga ku Nancholi. Bambo, amene kwawo ndi ku Nsanje, ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Ginnery Corner, choncho m'mawa uliwonse tinkakwera minibasi imodzi.

Mphunzitsi wa phunziroli anali mayi wamfupi, wosaseka wamba, amene anakhalitsa ku nyuzipepala asanayambe kuphunzitsa. Masabata oyamba anatiphunzitsa kusiyanitsa nsalu pozigwira ndi zala titatsinzina, ndi kutembenuza chovala kuti tione msoko wake mkati.

"Musandilembere kuti diresi ndi lokongola," ankatero. "Zimenezo ndiona ndekha. Mundiuze amene walisoka, ndiponso kumene wolivalayo akupita nalo."

Chakumapeto kwa temu anatipatsa ntchito yaikulu: aliyense apeze chovala chimodzi, achitsate kuchokera pa makina mpaka pathupi la mwini wake, kenako alembe nkhani. Anzanga anathamangira kwa osoka madiresi a ukwati a m'tauni. Ine manyazi anandigwira, ndinkaopa masitolo a magalasi aja. Ndinakwera minibasi ya ku Limbe, komwe matelala amakhala pamakonde, poti kumeneko munthu ukhoza kungoima osafunsidwa chimene ukufuna.

Ndinasankha telala wina wachizimayi, wachikulire, amene ankakhala kumapeto kwa khonde la sitolo ya nsalu. Makina ake anali opalasa ndi phazi, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa. Anandiuza kuti makolo ake anachokera ku Mozambique iye ali kumsana, ndipo anaphunzira kusoka kwa bambo ake. Nditafotokoza chimene ndabwerera anaseka.

"Sukulu za masiku ano! Mpaka kuphunzira kuonerera telala? Khalani apa, mwananga, musankhe nokha."

Kumbuyo kwake kunali chingwe chopachikapo zovala zomalizidwa. Pakati pa mayunifolomu ndi masiketi a chitenje panali diresi lofiirira la manja aatali, kolala yake yokwera mpaka pakhosi, lopanda chokongoletsa chilichonse. Nditalitembenuza ndinaona kuti m'mbali munali misoko itatu yondondozana, umodzi mkati mwa unzake.

"Limeneli mwini wake amabwera Lachinayi lililonse," anatero telalayo. "Akayesa, limakhala lakula. Ndimabweza. Sabata yamawa lakulanso."

Lachinayi lotsatira ndinajomba kalasi ya masana. Kunali kotentha, fumbi la ku Limbe lili kobo, oitanira minibasi akukuwa tsidya la msewu. Cha m'ma thuu koloko ndinangoona mayi ataima pafupi ndi makina. Sindinaone mbali imene anachokera. Anali wamtali, wowonda, mpango woyera kumutu, ndipo sananyamule kanthu, ngakhale kachikwama. Tonse pakhondepo thukuta linali kamukamu, koma iye nkhope yake inali youma. Nditamupatsa moni, dzanja lake linali lozizira ngati wangochoka kochapa.

Telala anatchinga pakona ndi chitenje, mayiyo n'kuvala diresi. Linkalendewera m'mapewa ndi m'chiuno. Telala anatsina nsalu, n'kubaya mapini.

Ndinatsegula kope langa. "Pepani amayi, ndine mwana wa sukulu, ndikulemba nkhani ya diresi lanuli. Mukapita nalo kuti?"

Anandiyang'anitsitsa. "Mayankhulidwe anuwo, kwanu ndi ku chigwa?"

Ndinavomera kuti bambo ndi a ku Nsanje, koma timakhala ku Nancholi.

"Ndiye ndife anansi. Ine ndimakhala kumtunda kwa tchalitchi, nyumba ya mtengo waukulu wa mapeyala." Anasisita kolala ndi zala. "Diresili ndikufuna lindikwane bwinobwino. Kudzabwera anthu ambiri kudzandiona."

"Ndi ukwati?"

"Kudzakhala kuyimba," anatero.

Ndinapempha kuti ndimujambule ndi foni, anakana mwaulemu. Atavula diresi, ndinati popeza tikulowera kumodzi, tiyendere limodzi. Ndinawerama kuti nditole chikwama changa pansi pa benchi, podzuka n'kuti atapita. Sindinadabwe kwambiri, chifukwa ku Limbe munthu amasowa m'chigulu ukungophethira.

Ndinamuonanso Lachinayi lina, ndi linanso. Ulendo uliwonse diresi linkapezeka lalikulu. Ulendo wachitatuwo mawu ake anali otsika kwambiri moti ndinachita kusendera kuti ndimve. Anadziyang'ana pa kagalasi kothyoka kamene telala ankakoleka pakhoma, n'kunena kuti, "Mukabwezako apa basi, latha. Sindidzakuvutitsaninso."

Atachoka ndinafunsa telala ngati mayiyo akudwala.

"Ine ndimayesa thupi, mwananga. Za matenda ndi za kuchipatala."

Lachinayi lachinayi sanabwere. Tinadikira mpaka mthunzi wa sitolo unafika pakati pa msewu. Telala anasita diresi, n'kulipinda bwino m'pepala la khaki.

"Inu si mumakhala konko? Kawapatsireni. Ntchito yanga yatha, siliyenera kugona pano."

Ndinatsika minibasi ku Nancholi dzuwa likadalipo, n'kukwera kanjira kodutsa kutchalitchi. Ndisanauone n'komwe mtengo wa mapeyala uja, ndinaona nthambi zamasamba zitaikidwa mumsewu. Amuna anali atakhala pamabenchi panja, amayi akulowa m'nyumba mmodzimmodzi atafunda zitenje. Ndinafuna kubwerera, koma mayi wina anali atandiona kale ndi phukusi m'manja, ndipo anandiitanira mwana wa malemu.

Anali mtsikana wondiposa zaka pang'ono, maso atatupa. Tinaima kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi. Ndinamupepesa, n'kumuuza kuti ndatumidwa ndi telala wa ku Limbe. Atatsegula pepala anagwira pakamwa.

"Nsalu imeneyi amayi anakaisiya kwa telala asanagwe pamphasa. Ife tinaiwala n'komwe. Atisiya lero m'mawa."

"Pepani kwambiri, achemwali. Sabata yathayi pomwe ndinawaona, ankaoneka ofooka ndithu."

"Munawaona kuti?"

"Ku Limbe, poyesa diresili."

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Asisi, amayi atha miyezi iwiri osatuluka m'chipinda. Ngakhale kubafa timachita kuwanyamula."

Ndinati kapena anali mng'ono wawo, kapena wachibale wina wofanana nawo. Anapukusa mutu, nati amayi ake anabadwa akazi okha pakati pa amuna anayi. Kenako anayamba kusisita nsalu ija.

"Mwati linali tsiku lanji?"

"Lachinayi. Masana."

Anakhala pansi pa simenti ya mpopi. Anandiuza kuti masabata apitawo, Lachinayi lililonse amayi ake ankagona tulo todabwitsa kuyambira masana, tosadzutsika ngakhale uwagwedeze. Ulendo wina anaitana anansi poganiza kuti atsirizika. Akadzuka madzulo ankapempha madzi, n'kumati, "Ndatopa. Limbe yatalika masiku ano." Onse ankati ndi matenda akuwalankhulitsa.

Sindikumbuka mmene ndinafikira kunyumba. Mayi anga atamva, anangoti, "Usakanene zimenezi pamaliro. Koma mawa upite, ndi anansi athu."

Ndinapita. Nthawi yoona nkhope itakwana, ndinalowa pamzere pamodzi ndi amayi a kwaya. Ndinali nditadziuza kuti ndikapeza nkhope yachilendo, nkhani yonse ithera pomwepo. Koma anali yemweyo, ndi mpango woyera kumutu. Kolala yofiirira ija inagwira khosi bwinobwino, ndipo m'mapewa munalibe potsala ngakhale pang'ono. Panja anthu anali ambiri, mpaka ena anakhala mumsewu.

Nkhani ija ndinailemba yonse monga ndinaionera. Patapita sabata mphunzitsi anandiitana ku ofesi yake, pepala langa lili patebulo, lopanda cholemba chofiira ngakhale chimodzi.

"Muli ndi chithunzi cha mayiyu?"

"Ayi, madamu, anakana."

"Wina amene anamuona, kupatula inu ndi telala?"

Ndinaganiza za matelala ena a pakhonde lija. Ndinali nditawafunsa kale. Mmodzi anati amaona anthu ambiri, wina anangoweramira makina ake.

"Palibe, madamu."

Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Sindikunena kuti mukunama. Inenso ndinakulira m'dziko lomwe lino. Koma nyuzipepala imalemba chimene ingathe kuchiikira umboni. Kalembeninso. Mungolemba za misoko, nsalu, telala, ndi kumene diresi linapita. Zinazo musunge mumtima."

Ndinalembanso, masamba awiri okha, nkhani ya diresi limene linabwezedwa kambirimbiri mpaka linakwana mwini wake tsiku loikidwa m'manda. Ndinakhoza bwino phunzirolo, kuposa ena onse a chaka chimenecho, koma sindinasangalale nazo. Pepala loyamba lija ndinaliika pansi pa sutikesi, ndipo kwa nthawi yaitali sindinkafuna kuligwira.

Titatsekera sukulu ndinapita ku Limbe kukathokoza telala uja, n'kumuwerengera zimene ndinalemba. Anamvetsera makina ataimitsa. Nditamuuza zimene mwana wa malemu ananena, sanadzidzimuke. Anachotsa pini pakamwa n'kuibaya pa kansalu ka pamkono.

"Linawakwana?"

"Linawakwana, amayi."

"Basi, ndi zimene ankafuna."

Kenako anandiyang'ana kuyambira kumapewa mpaka kumapazi, n'kuvula tepi m'khosi.

"Mwandilemba bwino, mwananga. Imani apa ndikuyeseni, ndikusokereni kanthu kovala pa Khirisimasi."

Ndinayang'ana tepi ija ikulendewera m'dzanja lake. Ndinamuthokoza, n'kunama kuti bambo akundidikira ku Ginnery Corner, ndidzabwera tsiku lina. Anangomwetulira n'kuyambanso kupalasa makina. Ndinawoloka msewu mothamanga, n'kukwera minibasi yoyamba imene ndinaipeza, osafunsa n'komwe kumene ikupita.