Masekondi Khumi ndi Asanu a Manjamthumba

Mlamu wanga amakonza makompyuta m'kachipinda kakuseri kwa malo osokera zovala. Anthu amamutcha Manjamthumba, chifukwa ukamupeza pa ntchito, nthawi zambiri amakhala ataimirira, manja m'matumba, akungoyang'ana sikirini yakuda. Ine ndinkamuseka kuti amadya za ulele.

Luso lake ndi lofulumizitsa monita. Monita wamba imasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, koma iye amatha kuikankha mpaka 66 kapena 70 kuti zithunzi ziziyenda myaa. Amakweza imodziimodzi. Monita ikalemedwa imada bii, ndiye amangodikira masekondi khumi ndi asanu osakhudza kanthu, kompyuta n'kubwerera yokha pomwe inali.

Ndinamuonerera kawiri n'kudzitenga katswiri.

Mkazi wanga, yemwe ndi mchemwali wake, amalumikiza mavidiyo a maukwati. Tsiku limenelo anapita kukagula timabokosi toikamo mavidiyowo, ndipo akwati ankabwera 12 koloko kudzaonera vidiyo yawo. Monita m'nyumba ndi imodzi yomweyo. Anandiuza kuti ndisaikhudze, koma ine ndinkafuna mpira wanga wa pakompyuta uziyenda bwino. Za imodziimodzizo ndinalibe nazo nthawi. Ndinalemba 90.

Bii! M'malo modikira ndinamenya batani lalikulu la pa kiyibodi kawiri, osadziwa kuti ndikuvomereza mumdima kuti zikhale choncho. Ndinathimitsa, kuyatsa, kuthimitsanso. Mdima wokhawokha. Ndinachita mantha, osanama.

Nditamuimbira foni, Manjamthumba anafika pa njinga pasanathe mphindi makumi awiri.

"Munalemba zingati, alamu?"

"Sikisite-faifi."

"Alamu."

"Nainte."

"Munadikira?"

Ndinavomera kuti ayi. Sanandikalipire, ndipo zinandipweteka kwambiri kuposa kukalipiridwa. Ananunkhiza kuseri kwa monita, n'kuikhudza ndi kumsana kwa dzanja.

"Fungo la kupsa palibe. Koma musasangalale."

Anadzutsa kompyuta m'njira ina, yomwe zilembo zimatuluka zikuluzikulu ngati za m'buku la ana. Akufufuta 90 wanga uja anandiuza zomwe sanandiuzepo. Ali mnyamata ankagwira ntchito pa sitolo ina yaikulu. Anakankha monita ya abwana, ija yamimba yakalekale, ikuda iye n'kumangodina mabatani. Inalira tswii, utsi fuu, ntchito n'kuthera pomwepo. Mchemwali wake, mkazi wangayu, amene iye ankamulipirira sukulu, anakhala pakhomo chaka chathunthu.

"Ndinamulakwira kamodzi," anatero. "Inu musawonjezere."

Nthawi inali itakwana 11:40. Anabwezera 60, n'kuyatsanso kompyuta mwa masiku onse. Sikirini inada.

Pomwepo tinamva geti kulira, kenako mawu a mkazi wanga akuseka ndi anthu. Akwati anali atafulumira, anakumana naye pa msewu. Dzanja langa linathamangira pa kiyibodi lokha.

"Manja!" anatero mlamu.

Ndinawaponya m'matumba. Anayamba kuwerenga chapansipansi. Pa faifi, nsapato zinali pakhonde. Pa naini, kiyi analowa pa loko. Ine ndinali nditayamba kale kukonza mawu opepesera, onse opusa. Pa thweluvu sikirini inaphethira. Pa fotini chithunzi chinabwera, mkwatibwi ali mweee ndi maluwa ake.

Chitseko chinatseguka. Mkazi wanga anayang'ana monita, anayang'ana mchimwene wake, kenako ine. Amuna awiri akuluakulu, titaimirira njo, manja m'matumba.

"Takulandirani, khalani pa sofa apo," anauza alendo mwansangala. Podutsa pafupi nane anatsitsa mawu. "Achimwene manja awo ndimawadziwa, ananditayitsa chaka. Inu musawatulutse anuwo mpaka alendowa apite."